Chitseko cha galimoto chamatirira ndi ayezi: musakoke, yambani mwakankha

"Zikomo bambo, ndili ndi vuto lomwe landisowetsa mtendere. Chino n'chaka changa choyamba kukhala m'dziko lozizira kwambiri, ndipo ntchito ndimayamba 6 koloko m'mawa. Galimoto yanga imagona panja chifukwa kumene ndikukhala kulibe galaja. Sabata ino kawiri konse ndapeza zitseko zitamatirira ndi ayezi. Tsiku loyamba ndinakoka chogwirira ndi mphamvu zanga zonse mpaka chitseko chinatseguka, koma kuyambira pamenepo chogwiriracho chikukhala ngati chakhwefuka. Tsiku lachiwiri chitseko chinatseguka koma kenako chinakana kutsekeka, moti ndinayenda ulendo wonse nditachigwira ndi dzanja. Mnzanga wa kuntchito akuti ndizithira madzi owira. Kodi nditero? Kapena galimotoyi ndiye yatha?"

Mayi, mtima ukhale m'malo. Galimoto yanu siinathe, ndipo zimene zakuchitikiranizi zimachitikira ngakhale galimoto yongotuluka kumene kufakitale. Mwachita bwino kufunsa musanathire madzi owirawo, paja akuluakulu amati safunsa anadya phula. Pa zaka zimene ndakhala ndikukonza magalimoto m'nyengo ya chisanu, zogwirira zothyoka, malabala ong'ambika ndi magalasi ong'aluka zimene zafika m'manja mwanga n'zambiri, ndipo pafupifupi zonsezo sanawononge ndi ayezi ayi. Anawononga ndi mwini galimoto amene anali pachangu. Ayezi amene wagwira chitseko chanu nthawi zambiri amakhala wopyapyala ngati chikhadabo. Chofunika n'kudziwa pamene ali, kenako kumuthyola kapena kumusungunula pomwepo.

Tiyambe ndi mmene zimachitikira. Madzi amaundana kuzizira kukafika pa madigiri 0, ndipo akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti. Ndiye taganizirani timadontho tamadzi timene talowa pakati pa labala wozungulira chitseko ndi chitsulo cha thupi la galimoto. Masana timakhala madzi wamba, usiku timauma gwa n'kumata labalayo kuchitsulo ngati guluu. N'chifukwa chake vutoli silikula kwambiri pa masiku ozizira koopsa koma ouma. Limakula tsiku limene masana kunagwa mvula kapena chipale chofewa (sinowo) chinasungunuka, kenako usiku kuzizira n'kutsika pansi pa ziro. Limakulanso munthu akatsukitsa galimoto madzulo n'kukaimika panja isanaume. Palinso chinyezi chochokera m'kati momwemo, mpweya umene mumapuma, nsapato zonyowa, chipale chimene chimatsalira pamakapeti. Galimoto ikamazizira, chinyezi chimenecho chimasanduka mame pamalabala ndi m'kati mwa zitseko.

Mukafika pagalimoto m'mawa, musanagwire chogwirira, dinani limoti n'kumvetsera. Ngati magetsi aphethira, mwamva maloko akutseguka, chogwirira chikunyamuka bwinobwino koma chitseko sichikusuntha, dziwani kuti ayezi ali palabala. Ili ndiye vuto lofala kwambiri komanso losavuta. Ngati chogwirira chauma osasuntha, kapena chikunyamuka chopanda kanthu ngati sichinalumikizidwe kulikonse, ndiye kuti madzi aundana m'kati, pachokolera kapena pakawaya kamene kamachoka pachogwirira kupita kuchokoleracho. Ndikati chokolera ndikunena kachipangizo kali m'mphepete mwa chitseko kamene kamaluma chitsulo chopindika cha pathupi la galimoto mukatseka. Ngati kiyi ikukana kulowa kapena kutembenuka, ayezi ali m'bowo la kiyi. Koma ngati mwadina limoti ndipo kuli zii, osaphethira magetsi, osamveka kanthu, mwina si ayezi n'komwe. Kuzizira kumafooketsa mabatire, kabatire kozungulira ka mulimoti komanso batire lalikulu la galimoto. Fungatirani limotiyo m'manja kapena m'thumba la m'kati kwa mphindi zingapo muyesenso. Malimoti ambiri a masiku ano amakhala ndi kakiyi kachitsulo kobisika m'kati, ndipo pagalimoto zina bowo la kiyi limabisika kuseri kwa kachivindikiro ka pulasitiki pachogwirira cha dalaivala. Onani m'buku la galimoto yanu lero lomwe, masana kukuwala, kuti musadzayambe kufufuza mumdima zala zitachita dzanzi.

Tsopano nkhani ya labala, imene ndikukhulupirira kuti ndi imene inakugwirani tsiku loyamba. Mtima umakuuzani kuti kokani. Musamvere. Ikani zikhatho zonse ziwiri pachitseko, chakumphepete kumene kuli labala, n'kukankhira m'kati ndi thupi lanu lonse, kenako n'kusiya. Sunthani manja pang'ono, kankhaninso, muzungulire chitseko chonse, pamwamba, m'mbali ndi pansi. Mutha kugwiritsanso ntchito chiuno kapena phewa. Labala ndi wofewa, akapanikizika amaphwatalala, pomwe ayezi ndi wouma, sapindika, amangophwanyika. Nthawi zambiri mumva kulira kwa "tche" pang'onopang'ono, ndiye kuti akusweka. Musakankhe pakati penipeni pa chitseko chifukwa pamenepo chitsulo n'chopyapyala ndipo chingaphwanyikire m'kati, komanso musakankhe pagalasi. Ngati ayezi akuoneka pamzere wa pakati pa chitseko ndi thupi la galimoto, mupaleni ndi chopalira cha pulasitiki chimene mumapalira magalasi. Mpeni, sikuludiraiva kapena kiyi ayi, zimenezo zimakanda penti n'kuboola labala, ndipo penti ikakandika m'nyengo imene m'misewu amathira mchere, dzimbiri silichedwa.

Kukoka n'koopsa pazifukwa ziwiri. Zogwirira zambiri masiku ano n'zapulasitiki, ngakhale zimene zimaoneka ngati zachitsulo, ndipo pulasitiki akazizira amauma n'kumathyoka mosavuta. Kuseri kwake kuli timapini ndi timahuku tating'ono tomwe tinapangidwa kuti tizikoka chokolera basi, osati kunyamula mphamvu za munthu wamkulu amene waponda phazi pansi n'kumakoka. Chachiwiri, chitseko chikatseguka mokakamiza, nthawi zina ayezi sagonja ayi, chimagonja ndi labala. Amang'ambika kapena kusololoka m'malo mwake, ndiye kuyambira tsikulo madzi amalowa mochuluka kuposa kale, vuto n'kumakulirakulira.

Musaiwale kuti galimoto ili ndi zitseko zingapo. Mbali imene kunkachokera mphepo ndi mvula usiku ndi imene imaundana kwambiri, ndipo mbali inayo kapena imene yayang'ana kudzuwa imatseguka mosavuta. Yesani zonse, ngakhale buti ngati galimoto yanu ndi yoti munthu angathe kudutsira kumbuyo. Mukangolowa, nkhondo yatha. Lizani injini, tsegulani hita mpaka kumapeto, lozetsani mpweya wotentha chakuzitseko, dikirani mphindi 10 kapena 15, kenako kokani chogwirira cha m'kati pang'onopang'ono uku mukukankha chitseko ndi phewa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma pano pali chinthu chimene sindifuna muchiphonye. Musanalize injini, pitani kumbuyo mukaone ngati chipale sichinatseke paipi ya ekizozi. Utsi wa injini uli ndi mpweya wa carbon monoxide umene ulibe fungo kapena mtundu, ndipo paipi ikatsekeka umabwerera m'galimoto n'kukomola munthu asakudziwa. Pachifukwa chomwecho musalize injini m'galaja yotseka. Komanso musasiye galimoto ikulira inu n'kubwerera m'nyumba, mbava zimadziwa bwino m'mawa wa chisanu.

Pamene hita ikutenthetsa, musadine batani la windo poganiza kuti muone ngati likutsika. Galasi limamatiriranso kulabala wake, ndipo kamota kolitsitsa kakalimbana ndi ayezi kamathyola timahuku togwira galasilo kapena kupsa kumene. Ndaona anthu akufika kugalaja galasi litagwera m'kati mwa chitseko, mphepo yozizira ikulowa, chifukwa cha batani limeneli. Magalimoto amene zitseko zake zilibe felemu pamwamba, galasi limatsika pang'ono lokha mukamatsegula, ndiye kwa amenewo kusungunula ayezi wa m'munsi mwa galasi n'koyamba chitseko chisanagwiridwe.

Tibwere kwa mnzanu ndi madzi ake owira. Akukufunirani zabwino, koma musatero. Galasi lozizira kwambiri likathiridwa madzi owira, mbali imodzi imafufuma mwadzidzidzi pomwe ina ikadali yozizira, ndipo limang'aluka. Ngati linali kale ndi kachilonda kakang'ono ka mwala, mng'aluwo umayambira pomwepo. Ndiponso madzi onse amene mwathirawo sapita kutali. Ena amalowa m'bowo la kiyi, ena m'kati mwa chitseko, ena amayenderera pansi pomwe mwaimapo n'kusanduka poterera. Mawa lake mupeza ayezi wochuluka kuposa wa lero, ali malo ovuta kufikako. Ngati palibiretu china chilichonse, madzi ofunda chabe, oti mkono wanu ukhoza kuwapirira bwinobwino, angathandize. Athireni pang'onopang'ono pamzere wa chitseko basi, kupewa galasi, chogwirira ndi bowo la kiyi, ndipo chikangotseguka pukutani paliponse ndi nsalu youma. Kukazizira koopsa ine sindilola n'komwe njira imeneyi, chifukwa madziwo amaundana musanamalize. Njira yabwinoko ndi kuthira madzi ofundawo m'botolo la labala lofunditsira pabedi kapena m'thumba la pulasitiki lomanga bwino, n'kuligunditsa pamalo oundanawo. Kutentha kumadutsa koma madzi salowa.

Chimene ndimalimbikitsa aliyense kukhala nacho ndi mankhwala opopera osungunulira ayezi, m'sitolo amalembedwa kuti de-icer. M'kati mwake nthawi zambiri mumakhala sipiriti. Sipiriti wa mtundu wa isopropyl saundana mpaka kuzizira kutafika pafupifupi madigiri 89 pansi pa ziro, ndipo akasakanikirana ndi ayezi amamusungunula. Mutha kudzipangira nokha posakaniza magawo awiri a sipiriti ameneyu ndi gawo limodzi la madzi m'botolo lopopera. Madzi otsukira galasi lakutsogolo opangidwira nyengo yachisanu amagwiranso ntchito. Koma musasokoneze ndi madzi oziziritsira injini a muladiyeta, amenewo ndi poizoni kwa ana ndi ziweto ndipo amawononga penti. Madzi a mchere nawonso ayi, amabweretsa dzimbiri. Ndipo botolo lanulo muzisunga m'nyumba kapena m'chikwama chimene mumayenda nacho. Anthu ambiri amalisunga m'galimoto momwemo, ndiye tsiku limene akulifuna limakhala kuseri kwa chitseko chimene chakana kutseguka.

Bowo la kiyi likaundana, pakani sanitaiza wa m'manja pakiyi, ilowetseni pang'onopang'ono, itulutseni, pakaninso, kangapo. Sanitaiza ali ndi sipiriti wokwanira kusungunula timadontho ta m'katimo. Musaikakamize kutembenuka, kiyi ikathyokera m'loko ndiye ntchito yakula. Kale anthu ankawotcha kiyi ndi machesi, ndipo zinkatheka chifukwa kiyi inali chitsulo chokhachokha. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 makiyi ambiri ali ndi kachipangizo kamagetsi kumutu kwake kamene galimoto imakazindikira isanalole injini kulira. Mukakawotcha, chitseko mutsegula koma galimoto siilira. Komanso moto ndi sipiriti siziyandikana. Chowumitsira tsitsi chimathandiza ngati pali soketi pafupi, bola waya ndi polumikizira zisagone pachipale kapena pamadzi, ndipo musachiimike malo amodzi nthawi yaitali.

Tsopano za tsiku lachiwiri lija, limene landidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu. Mayi, ndikukupemphani, musadzayendetsenso galimoto mutagwira chitseko ndi dzanja. Pokhota chitseko chimakoka ndi mphamvu yoposa ya dzanja lanu, ndipo chiwongolero pamsewu woterera chimafuna manja awiri. Kumanga ndi chingwe kapena lamba wapampando nakonso si njira. Kuchedwa kuntchito ndi theka la ola n'kwabwino kusiyana ndi ngozi, ndipo kumayiko ozizira mabwana ambiri amadziwa zimene chisanu chimachita m'mawa.

Chimene chinachitika n'chakuti mutakoka chogwirira, chokolera chinatseguka, koma kachitsulo ka m'kati kamene kamabwezedwa ndi sipuling'i kanakanirira chifukwa girisi wake wakale anali atasakanikirana ndi madzi n'kuuma. Ndiye mukatseka, palibe choluma, chitseko chimangodunda n'kubwerera. Kumenyetsa mobwerezabwereza sikuthandiza, kumangopinda zitsulo. Poperani de-icer m'kamwa mwa chokoleracho, kokani ndi kusiya chogwirira chakunja ndi cham'kati kangapo, khomani ndi kutsegula maloko ndi limoti kangaponso. Zikakanika, khalani m'kati hita ikutentha, chitseko mutachikokera pafupi, galimoto ili chiimire, mpaka kutentha kufike. Yang'ananinso m'kamwamo. Nthawi zina dzino la chokolera limakhala latembenukira potseka chitseko chikadali chotsegula, moti limangogunda chitsulo cha pathupi. Zikatero, kokani chogwirira ndi dzanja limodzi, ndi linalo mubweze dzinolo ndi sikuludiraiva mofatsa. Apa pokha ndi pamene sikuludiraiva ili ndi ntchito.

Poti galimoto yanu imagona panja ndipo mumanyamuka kusanache, ntchito yeniyeni muziigwira madzulo. Sankhani tsiku louma, tsegulani zitseko zonse ndi buti, pukutani malabala onse ndi nsalu yonyowa pang'ono kuchotsa fumbi ndi mchenga, chifukwa litsiro limasunga madzi. Pukutaninso chitsulo chimene labalayo amagundapo. Zikauma, pakani mafuta a silicone. Ndi bwino kupopera pansalu n'kumapaka ndi nsaluyo kusiyana ndi kupopera mwachindunji, kuti asafike pagalasi ndi pamipando. Glycerine amagwiranso ntchito ngakhale sakhalitsa. Silicone amachititsa kuti madzi asakhazikike, ndipo ngakhale ataundana sagwira labala mwamphamvu. Muzibwereza pakapita milungu ingapo, komanso nthawi zonse mukatsukitsa galimoto.

Ena adzakuuzani kuti pakani Vaseline, mafuta opopera otchedwa WD-40 kapena mafuta ophikira. Usiku umodzi zimathandizadi, n'chifukwa chake malangizo amenewa safa. Koma malabala a zitseko ambiri amapangidwa ndi mtundu wa labala wotchedwa EPDM, umene umapirira dzuwa, mvula ndi kuzizira koma sugwirizana ndi mafuta ochokera ku petulo. Ukamapakidwa kawirikawiri umafufuma n'kufewa mpaka kutaya maonekedwe ake. Mafuta ophikira amanata n'kumakoka fumbi. WD-40 malo ake ndi pazitsulo, amathamangitsa madzi m'chokolera, koma ndi wopepuka ndipo amauluka, choncho pambuyo pake pamafunika girisi weniweni woyera wopopera. M'bowo la kiyi musaikemo girisi kapena oyilo wolemera, ikanimo mafuta opangidwira maloko kapena ufa wa graphite. Ndipo ngakhale mumatsegula ndi limoti masiku onse, muzilowetsa kiyi m'bowomo n'kuitembenuza mwa apo ndi apo. Loko amene wakhala zaka osagwiritsidwa ntchito amakana tsiku lomwe batire lafa.

Pali tizizolowezi tingapo tomwe timathandiza kwambiri koma anthu satiwerengera. Mukafika kunyumba, musanakhome, tsegulani zitseko kwa mphindi imodzi kuti mpweya wofunda wachinyezi utuluke. Kutumulani chipale kunsapato musanalowe, ndipo makapeti akanyowa kawaumitseni m'nyumba. Poyenda muziyatsa eyakoni pamodzi ndi hita, chifukwa eyakoni imaumitsa mpweya, ndipo batani lozunguliza mpweya wa m'kati likhale lozimitsa. Sesani chipale cha padenga musanatsegule chitseko kuti chisagwere pamalabala. Mukamva kuti usiku kugwa mvula yozizira imene imaundana ikangogwa, phimbani galimoto ndi chophimbira chake, kapena imikani mbali ya dalaivala kumene sikukuchokera mphepo. Ndipo musatsukitse galimoto madzulo a tsiku limene alengeza kuti usiku kuzizira kutsika pansi pa ziro. Gwadaninso muone pansi pa chitseko chilichonse. Pali timabowo totulutsira madzi amene amalowera pagalasi. Tikatsekeka ndi matope, madzi amadikha m'kati mwa chitseko, ndipo kumeneko ndi kumene kumachokera chinyezi choumitsa chokolera. Titokoseni ndi kamtengo kapena kapulasitiki.

Mudzisamalirenso nokha. Valani magolovesi, chifukwa khungu lonyowa limamatirira kuchitsulo chozizira, ndipo sipiriti akagwera pazala pozizira amaziziritsa khungu mofulumira kwambiri. Zala zikayamba kuyera n'kusiya kumva, siyani galimotoyo, lowani m'nyumba. Ngati tsiku lina mwana kapena chiweto chatsekeredwa m'kati ndipo zitseko zonse zakana, musataye nthawi ndi njira zonse ndafotokozazi, imbani nambala ya zangozi ya dziko limene muli nthawi yomweyo. Ngati kiyi yathyokera m'loko, kapena mwayesa kwa theka la ola osaphula kanthu, itanani akatswiri a maloko kapena a kampani yothandiza magalimoto pamsewu. Onani mapepala a inshuwalansi yanu, mwina thandizo limenelo mukulipira kale.

Koma galimoto yanuyi ndikufuna makaniko aione sabata ino, musadikire kuti chisanu chithe. Chogwirira chokhwefuka nthawi zambiri chimatanthauza kuti kahuku ka pulasitiki kathyoka mbali imodzi kapena kawaya katamuka, ndipo chimene chatsala chikugwira movutikira. Chikadzathyokeratu chitseko chili chotseka, ntchito yofika m'kati imakhala yovuta komanso yodula kuposa panopa pamene chikutseguka. Mukapita, muwauze zonse ziwiri, za chogwirira komanso zakuti chitseko chinakana kutsekeka. Apempheni achotse chophimba cha m'kati mwa chitseko, aone kawaya ndi timahuku, atsuke chokolera n'kuikamo girisi watsopano, aone ngati pepala la pulasitiki lotchinga madzi kuseri kwa chophimbacho silinang'ambike, ndipo ayendetse chala palabala yense kufufuza pamene panang'ambika tsiku lija munakoka. Labala wong'ambika sapakidwa mafuta, amasinthidwa. Podikira tsiku lopita kugalajalo, muzilowera chitseko cha mbali inayo, chogwirira chovulalacho muchipumitse.